Mpunga wanga panjira ya mvuu

Kale, ine ndisanamere imvi izi, nyanja ya Chilwa inkafika pamene pali mabwalo anu a mpira lerowa, ndipo mvuu zinalipo zambiri, osati monga masiku ano pamene ena mwa inu mumangozidziwira pa zithunzi zakusukulu. Ikani maukondewo pansi pang'ono, ana inu, ndikuuzeni zimene ndinachita ine, chifukwa ndamva kuti mukufuna kukatsegula minda kutsidya kwa bango.

Chaka chimenecho ndinali nditangokwatira agogo anu aakazi, a Fanesi, ndipo mwana wathu woyamba anali kubere. Ndinapeza malo kudambo, dothi lakuda bii, ndipo ndinkadabwa kuti anthu onsewa akuwasiyiranji. Tsiku lina ndikulima, anadutsa Che Bwanali, msodzi wachikulire wa mudzi woyandikana nafe. Anaima, nayang'ana kanjira kamatope kodutsa pakati pa munda wanga.

"Achimwene," anatero, "apa mwalima panjira ya eni ake. Mvuu zimatulukira pomwepa kukadya msipu. Sunthirani uko."

Ine ndinaseka, ndikuti, "Che Bwanali, mvuu ili ndi khasu?"

Anangosenza nkhafi yawo n'kumapita.

Mpunga wa faya unabereka, ana inu, fungo lake limamveka uli kumsewu, koma utatsala pang'ono kucha ndinapita m'mawa wina n'kupeza theka la munda lili gwaa, lodyedwa ndi lopondedwa, mapazi aakulu ndi ena aang'ono ali mbwee. Ndinakhala pansi m'matope momwemo n'kulira, pakuti kunyumba nkhokwe inali itatha. Musaganize kuti mkwiyo wanga unali wopanda chifukwa, ayi, njala imapweteka. Ndinapalasa njinga yobwereka mpaka kuboma kukadandaula, ndipo patapita masiku anabwera mlenje wa boma ndi mfuti yake.

Mvuuyo anaiombera dzuwa litangotuluka, ili m'madzi osaya. Inali yaikazi. Mudzi wonse unakhamukira kumeneko ndi mipeni ndi mabeseni, akazi akululutira, ndipo ine ndinkayenda monyada ngati ndapha ndine. Koma tili mkati mogawana nyama tinamva kulira m'bango, ndipo tinaona kamwana kake, kangati nkhumba yaikulu, kakutulutsa mphuno pamwamba pa madzi, kumira, kutulukanso, kakuyang'ana kumene kunali mayi wake.

Nditafika ndi nyama kunyumba, a Fanesi anali akuyamwitsa pakhonde. Anali atamva kale. Anandiyang'ana n'kunena motsitsa mawu, "Bambo ake a Esinati, nanga kamwanako kayamwa kwa ndani lero?" Nyamayo sanaiphike, anakapatsa anansi, ndipo sanandikalipire ngakhale pang'ono, koma bola akanandikalipira.

Masiku awiri kamwanako sikanachoke pamalopo. Tsiku lachitatu ndinapita kwa Che Bwanali, manyazi ali tho, ndipo ndisanatsegule pakamwa iwo anati, "Tengani nkhafi, achimwene, dzuwa lisanakwere." Za mawu anga achipongwe aja sanatchule konse.

Tinatenga mabwato awiri, ndipo tinkamenya madzi pang'onopang'ono kumbuyo kwake, kukakusira kumene mtsinje umathira m'nyanja, kumene kunkakhala gulu la mvuu zina. Kanali kofooka, kankabwerera m'mbuyo kawirikawiri, ife n'kuyambiranso, mpaka manja anga anatupa. Titayandikira, Che Bwanali anati tiime patali, chifukwa mvuu ikakwiya bwato imalithyola pakati. Yaikazi ina inadzutsa mutu, inafwenthera, ndipo kamwanako kanasambira kulunjika komweko. Mtima wanga unali m'mwamba. Koma sinakalume ayi, inangotembenuka, kamwanako kali pambali pake. Ngati kanakula kapena ayi, sindingakunamizeni, sindikudziwa. Ndimangokhulupirira.

Chaka chotsatira ndinasuntha munda, ndinasiya mpata waukulu wa njira ija, ndipo cha kunyanja ndinakumba ngalande yakuya mothandizana ndi anansi. Mvuu zinkadutsa, nthawi zina zinkabudulako m'mphepete, koma sitinagonenso ndi njala chifukwa cha izo.

Lero anthu tachuluka, malo achepa, nyanja nayo imaphwa kawirikawiri, ndipo ndikudziwa kuti mukufuna polima, pakuti nanunso muli ndi ana oti adye. Sindikukuletsani. Koma musanagwetse khasu, yendani m'mawa kudamboko muyang'ane pansi, mufunsenso asodzi akuluakulu kumene nyama zimadutsa. Mvuu ikakuvutitsani, kauzeni a boma, koma muwauzenso ngati mwaona mapazi aang'ono. Ine ndinawaona, ana anga, ndipo sindinanene.