A Kochi Eteuati Abweza Mwana wa Eni

Malemu bambo Eteuati Faumui, amene tonse tinkangowatchula kuti a Kochi, anabadwa pa 9 Malichi 1951 m'mudzi wathu uno wa Aoloau, pachilumba chino cha Tutuila, chomwe chili pakati pa nyanja yamchere pansi pa ulamuliro wa Amereka. Anali achitatu kubadwa mwa ana asanu ndi awiri a bambo Sanele ndi mayi Lupe Faumui. Ine ndaima panone ndine Iakopo, chitsiriziro m'banjamo, ndipo abale andituma kuti ndiwerenge mbiriyi. Mawu akamandithera panjira mundikhululukire.

Sukulu ya pulayimale anaphunzira m'mudzi momwe muno, ndipo mu 1965 anapita ku sekondale ya kudoko. Kumeneko ndi komwe anakumana ndi mpira wa Chimereka, umene unali utangofika kumene kwathu kuno. Zisoti zinali zowerengeka, moti wotuluka m'bwalo ankavula chake n'kumuveka wolowa, thukuta likadali lofunda. Mayi athu ankati mwana wawo wapenga, chifukwa munthu wanzeru zake sangathamangire mnzake kuti akagundane mitu ngati nkhosa. Achimwenewo kuthamanga sanali nako, thupi lawo mukulidziwa nonse. Choncho anawaika kutsogolo, pa khoma la anyamata otchinga woponya mpira. Wosewera pamenepo sagoletsa, ndipo dzina lake limamveka pokhapokha akalakwitsa. Malo amenewo anawakonda moyo wawo wonse.

Mu 1970 anapeza malo ku koleji ina ya ku California. Anasewera bwino zaka zitatu, koma mu 1973 bondo lakumanzere linawakana, kusewera n'kuthera pomwepo. Sanataye mtima. Anamaliza maphunziro a uphunzitsi mu 1974, ndipo chaka chotsatira anayamba kuphunzitsa mpira pa sekondale ina ku Honolulu. Ndi komweko komwe anaonana ndi mayi Sinalei, omwe anali namwino, tsiku limene anaperekeza mnyamata wothyoka mphuno ku chipatala. Mpaka lero alamu athuwa amati anavomera ukwati chifukwa cha chisoni, poti chimunthu chonsecho chinakomoka chitangoona jakisoni wobaya mwana wa eni. Anamanga banja pa 16 Julayi 1977, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu.

Mu 1980 koleji ina ya ku Utah inawatenga kuti aziphunzitsa anyamata a pakhoma aja. Mbali ina ya ntchitoyo inali kuyenda m'makomo kufunafuna anyamata oti akasewerere kolejiyo. Anzawo ankalowa m'nyumba za anthu nsapato zili kuphazi, n'kumalankhula ali chiimire, akuonetsa zithunzi za mabwalo akuluakulu. A Kochi ankavula nsapato pakhomo, n'kukhala pa mkeka monga tinaleredwera, mutu wawo uli m'munsi mwa wa makolo. Za chuma kapena kutchuka sankalonjeza. Mawu awo anali amodzimodzi pakhomo lililonse: "Mwanayu mukungondibwereka. Ndidzam'bweza ndekha pa mkeka womwe uno." Ndipo ankaterodi. Mnyamata akamaliza, kaya wapambana kaya zavuta, ankakwera naye ndege n'kudzam'khazika pamaso pa makolo ake. Ambiri mwa inu azibambo a mapewa aakulu mwadzaza kumbuyoko munabwezedwa motero.

Mu 1993 anakhala pa mkeka wa mayi Tumema Vaifale, mayi wamasiye wa m'mudzi muno, kupempha mwana wawo mmodzi yekhayo, Lotomau. Mayiwa sankafuna. Anavomera chifukwa cha lonjezo lija basi. Mudzi unaphika phwando, unaimba, ndipo aliyense ankanena kuti Lotomau tidzamuona pa kanema. Koma mu 1996 Lotomau anavulala phewa, malo ake pa timu anatenga wina, ndipo m'mawa wina anachoka pa koleji osatsanzika aliyense. Manyazi a mwana amene mudzi unam'vinira, ife tonse tikuwadziwa kulemera kwake. Nkhaniyi ndikuinena ndi chilolezo cha eni ake.

Chaka chimenecho a Kochi anabwera okha kumudzi, napita kukakhala pa mkeka wa mayi Tumema. Mayiwa si munthu wozungulira polankhula. Anangoti, "Eteuati, wabwera ndi mimba yakoyo, nanga mwana wanga ali kuti?" Malemu anaweramitsa mutu n'kuyankha kuti adzabwera naye. Kuyambira pamenepo, nthawi iliyonse akafika pachilumba, asanadye talo, chakudya cha kwawo kuno, ankayamba apita pakhomo limenelo, kukamva funso lomwelo ndi kupereka yankho lomwelo.

Mu 1998 anakwera n'kulowa mu ligi yaikulu ya akatswiri, komwe anatumikira matimu atatu m'zaka khumi ndi zitatu. Ife kuno tinkathamanga potuluka m'tchalitchi kuti tikawaone pa kanema, ndipo akangodutsa kumbali kwa bwalo, ngakhale msana wokha, nyumba yonse inkakuwa. Uphunzitsi wamkulu wa timu sanaulawepo, ndipo sitinawamvepo akudandaula. Ankati iwo ndi munthu wa khoma, ntchito yawo ndi yoti wina aime bwino. Akatswiri olemera ankawaopa ndi kuwakonda nthawi imodzi, chifukwa pabwalo ankakalipa mpaka mawu kusasa, koma tsiku lopuma ankawaitanira kunyumba kukadya nthochi za mkaka wa kokonati zophika mayi Sinalei. Mu ulemerero wonsewo, kumzinda uliwonse komwe timu yapita, ankalowa m'matchalitchi a anthu akwathu kufunsa za mnyamata wa phewa lopendama.

Anam'peza mu 2004 ku Alaska, akunyamula makatoni a nsomba m'nyumba yozizira. Lotomau analira, koma zobwerera kumudzi anakana. Anati sangakaime pamaso pa mayi ake ali chimanjamanja, mudzi utadya ng'ombe chifukwa cha iye. A Kochi sanam'kakamize, ngakhale akanatha kum'nyamula paphewa. Anangoyamba kupita ku chisanu chimenecho chaka ndi chaka, nyengo ya mpira ikatha, munthu amene ankadana ndi kuzizira kuposa mankhwala owawa. Anakwanitsa kuti mayi ndi mwana azilankhulana pa lamya. Koma mayi Tumema anawauza poyera kuti iwo sanabwereketse mawu, anabwereketsa munthu.

Malemu anapuma pa ntchito mu 2011. Nyumba iyi tasonkhana pabwalo pakeyi anaimanga kuti adzakhalemo pa ukalamba, koma sanasamukiremo. Ife abale tinkawanena kuti Amereka yawakomera, tinkawaseka kuti aiwala kuyenda opanda nsapato. Iwo ankangoseka nafe. Mayi Sinalei okha ndi amene ankadziwa kuti amuna awo analumbira mumtima kuti sadzakhazikika m'mudzi muno, n'kumadutsana ndi mayi Tumema pa njira ya ku tchalitchi, mwana wa eni akadali kunja.

Mu 2022 anayamba kudwala impso. Anapirira matendawo mwachete, akusereula anamwino monga mwa khalidwe lawo, ngakhale jakisoni ankamuyang'anabe kumbali. Mu Epulo chaka chino madokotala anawauza kuti palibenso chimene angachite. Pamenepo anaitanitsa Lotomau, ndipo iye anabwera. Mwana wawo wamkulu, Mareta, anali pomwepo, ndipo watiuza zimene bambo ake ananena: "Iwe, ndakukalambira ndikukunyengerera. Tsono tamvera, bokosi langa likhala lolemera, ana angawa ndi ofooka, angandigwetse pa bwalo la ndege. Kunyamula zolemera ndinakuphunzitsa ndine. Ukanditule pakhomo panga, ukatero uzibwerera ku chisanu chakocho ngati ukufuna." Lotomau anaseka misozi ili mbwembwembwe, nati, "Mwandipana, a Kochi." Iwo anati, "Eya, ntchito yanga ndi yomweyo."

Bambo Eteuati Faumui anatisiya pa 2 Meyi 2024 mu mzinda wa Salt Lake, mayi Sinalei atawagwira dzanja. Anali ndi zaka 73. Asiya mkazi wawo wokondedwa, mayi Sinalei. Ana atatu, Mareta, Sanele ndi Fuatino. Zidzukulu zisanu ndi zinayi. Mlongo wawo mayi Saline. Ndi ine mng'ono wawo, amene ndatsala wopanda wondikalipira. Asiyanso ana ena ambirimbiri amene sanawabereke.

M'malo mwa banja ndikuthokoza abusa ndi mpingo wonse, mafumu a mabanja a m'mudzi muno, amayi amene agona pa maliro akuimba, achinyamata amene akumba manda pakhomo pano monga mwa mwambo wathu ndi kuphikira alendo, ndi mabanja onse amene mwabwera ndi mikeka yaulemu kudzatitonthoza. Tikuthokoza anamwino ndi madokotala amene anawasamalira, ndi osewera akale amene mwawoloka nyanja kudzaperekeza mphunzitsi wanu.

Tikuthokozanso amene ananyamula bokosi kutsogolo, kudzanja lamanja, paphewa lomwe lija linavulala. Anatula malemu pakhomo pawo monga mwa pempho lawo, ndipo atatero sanabwerere ku bwalo la ndege. Anatsika njira ya ku tchalitchi, navula nsapato pakhomo lina.

Mayi Tumema, maso anu tikudziwa kuti sakuonanso bwino, koma dzanja limene mwaligwira chigwirire kuyambira dzulolo mukulidziwa. Funso lanu munafunsa zaka zambiri, ndipo munali ndi ufulu wofunsa. Achimwene athu anachedwa, ndipo pakhomo panu alephera kufikapo ndi miyendo yawo. Koma mwana munawabwereka uja, ndi ameneyo ali nanu pa mkekapo. Abweza.

Tsopano, achimwene, lowani m'mudzi mwanu, palibenso wokufunsani. Mzimu wanu uuse mu mtendere wa Ambuye.