Kalata Imene Ndinaitsomeka Kudenga

Omvera anzanga, ndine gogo wa ku Nambuma, ndipo sindikhulupirira munthu. Mwana wanga ali ku migodi ya ku Joni. Chaka chatha ananditumizira kalata. Kuwerenga sindidziwa, ndipo ndinaopa kuti wondiwerengera andinamiza. Ndinaitsomeka kudenga miyezi iwiri. Chakudya sichinkalowa, ndinkangodzifunsa: kodi wavulala?

Nditatopa, ndinapita nayo kwa aphunzitsi. Anati, "Ali bwino, agogo, abwera mukakolola."

M'mawa mwake ndinaipereka kwa atelala a pasitolo, ndipo anawerenga zomwezo. Nditawauza kuti aphunzitsi anawerenganso chimodzimodzi, anaseka: "Agogo, aphunzitsi aja mumati akunama, eti?"

Tsiku limenelo ndinadya mpaka kukhuta. Chokuvutitsani musachitsomeke kudenga, anzanga. Kachionetseni kwa munthu. Ngati muli ngati ine, kwa awiri.