A Lucious Kachingwe, Mphunzitsi wa pa Galimoto ya Zinyalala

Malemu bambo Lucious Kachingwe anabadwa pa 14 Malichi 1958 ku Mvera, m'boma la Dowa, oyamba m'banja la ana anayi. Anaphunzira Chilatini ku seminale, koma unsembe sanaufike. Mu 1985 anamanga banja ndi mayi Chrissie, ndipo anaphunzitsa Chingerezi ku sekondale zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi.

Mu 2001 anabwera kuno ku South Bend, ku America, ataitanidwa ndi mng'ono wawo, a Sosten, mphunzitsi wa pa yunivesite, amene malemu anawaphunzitsa okha kugwira pensulo. Mapepala awo auphunzitsi sanagwire ntchito kuno. Anayamba kukwera galimoto yotola zinyalala, kenako n'kuphunzira kukonza mapaipi.

Abale ndi alongo, banja lati tisabise. Pamaphwando, anthu akamaimirira kuti Dokotala Sosten afika, malemu ankazyolika, mbale n'kuikankhira uko. Akatero ankatembenukira kwa ana n'kuwafunsa kumene mawu a Chingerezi oti garbage, kutanthauza zinyalala, anachokera. Ankawauza kuti kalekale amenewo anali matumbo a nkhuku, ndipo kuti plumber, wokonza mapaipi, ndi mwana wa plumbum wa Chilatini, mtovu umene Aroma ankapangira mapaipi. Ana onse, ndi oberekedwa ndi a Sosten omwe, ankaunjikana pa iwo, Dokotala n'kutsala okha ndi udokotala wawo. A Sosten nawonso zinkawadya mumtima. Kuyambira 2004 mpaka 2007, awiriwa sanapondane pakhomo.

Mu Juni 2008 malemu anagonekedwa m'chipatala ku Indianapolis ndi nthenda ya impso. Loweruka lililonse a Sosten ankayendetsa galimoto pafupifupi maola atatu kukawazonda. Tsiku lina anawauza akulu awo monyadira kuti toilet, dzina la chimbudzi lochokera ku Chifalansa, poyamba kanali kansalu koyala pathebulo lodzikongoletsera. Malemu anafunsa kuti zimenezi azitenga kuti. A Sosten anaulula kuti mu 2004 anagula mobisa buku la magwero a mawu, kuti mwina ana awo aziwatchereranso khutu. Malemu anaseka mpaka anamwino anathamangira m'chipindamo. Atapuma, anati Chifalansa chake a Sosten atchula molakwika.

Anatisiya pa 9 Novembala 2008.

Asiya mkazi, ana atatu, Ida, Kenan ndi Shalom, ndi mdzukulu mmodzi. Tikuthokoza a mpingo, amayi amene aphika sabata yonseyi, ndi anzawo akuntchito amene abwera m'mayunifolomu awo. A Sosten apempha kuti anyamule nawo bokosi, chakumutu, ndipo mayi Chrissie avomera.

Mzimu wa bambo athu a Lucious uuse mumtendere.