Zaka za Moven Zimene Anati Ndidumphe

Malemu Moven Chimphonda anabadwa pa 9 Ogasiti 1980 ku George kompaundi, m'nyumba yomwe ino, pamene taikapo tentiyi. Anali achiwiri mwa ana atatu a malemu bambo Nason Chimphonda, amene anachoka ku Ntcheu kudzafuna ntchito ku Lusaka, ndi malemu mayi Thandi. Ine ndaima panone ndine Dyness, mlongo wawo wamkulu. Ndinawabereka kumbuyo ndine, choncho zimene ndinene pano sindinachite kumva kwa munthu.

Sukulu anayamba mu 1987. Anali mwana wolongolola ndi wa manja osakhazikika. Wailesi ya bambo anaimasula kangapo, ndipo sikuti nthawi zonse inkabwerera mwakale.

Mu 1994 fakitale imene bambo ankagwirako ntchito ku Heavy Industrial Area inagulitsidwa, iwo n'kuchotsedwa pamodzi ndi anzawo ambiri. Mu Juni 1995 bambo anagwa pakhomo pano n'kutisiya, a Moven ali kusukulu, mu Giredi 9.

Akuluakulu a banja anandipempha dzulo kuti ndikafika apa ndingoti "anadwalako pang'ono", kenaka ndidumphire ku ukwati. Ndi ulemu wonse, amalume a Fred ndi nonse, sindidumpha. Mawa pamsonkhano wa banja mukufuna kugamula zotumiza kumudzi mng'ono wathu Tiwo, wa zaka khumi ndi zisanu, ndipo simungagamule bwino musanamve izi.

Bambo atamwalira, malemu analeka kutuluka m'nyumba. Maganizo awo ankawauza kuti bambo anafa chifukwa iwo anachokapo, ndipo akachokaponso, amayi nawo afa. Akangofika pachitseko, mtima unkagunda, thukuta kamukamu, n'kubwerera m'kati. Sukulu inathera pomwepo. Ena munati ndi ziwanda, ena munati achita kulodzedwa, ena munati ndi chamba. Tinawatemera mphini thupi lonse. Tinawatengera kumapemphero kumene anawamanga ndi chingwe ndi kuwasalitsa kudya, ndipo anabwerako nthiti zikuonekera, mantha atawonjezeka. Sindikuloza chala munthu. Tonse tinkafuna achire, koma sanachire.

Mu Malichi 1996 amayi anakadandaula kukiliniki, ndipo anakumana ndi namwino, ba Sista Pumulo, amene anaphunzira kuthandiza achinyamata ovutika maganizo. Anabwera okha kunyumba kuno. Sanabweretse jakisoni. Ankakhala ndi malemu n'kumasiyanitsa nawo zimene zachitika, zimene aganiza, ndi zimene achita chifukwa cha maganizowo. Mawu awo ndikuwakumbukira: "Moven, vamene uganiza na vamene vichitika ni vinthu viwili. Tiye tikayese tione." Kuyesako kunali kupita pampopi ndi chidebe, kubwerako, n'kuona ngati amayi ali moyo. A Moven anapitadi, ndipo pobwera anapeza amayi akuchapa. Kenaka kunali kumsika, kenaka kutchalitchi, mpaka tsiku lina anakwera minibasi okha kupita m'tauni.

Anthu munaseka. Munati mankhwala anji ongocheza, chikhala kutunga madzi kumachiritsa misala bwenzi amayi onse a mu George ali madokotala. Ifenso tinaseka nawo, chifukwa zinalidi zoseketsa. Koma sizinali zophweka. Masiku ena ankabwerera m'chipinda n'kudzitsekera, mawa lake n'kuyambiranso. Ndimanyadira zimenezi kuposa china chilichonse m'mbiri muno, ndipo n'zimene anati ndidumphe.

Mu 1997 anabwerera kusukulu, nakhala ndi ana aang'ono kwa iwo, nakhoza mayeso a Giredi 9. Mu 1999 anayamba kuphunzira ntchito yowotcherera zitsulo ku Chaisa, ulendo wa minibasi ziwiri tsiku ndi tsiku. Mu 2001 anatsegula malo awoawo m'mbali mwa msewu. Ambiri a inu mumagona mosatekeseka chifukwa cha zitseko zimene anawotcherera munthu amene munkamutcha wamisala.

Pa 15 Disembala 2001 anakwatira mayi Ketty Nkole. Asanatumize ankhoswe anawafotokozera okha za matenda awo, osabisa kanthu, ndipo mayi Ketty sanathawe. Mulungu anawadalitsa ndi mwana mmodzi, Lushomo.

Mu 2003 amayi athu anamwalira, ndipo malemu anatsala ndi Tiwo m'nyumba muno. Posakhalitsa Tiwo analeka kudya bwino, analeka kugona, nayamba kunena kuti iye ndi katundu wolemetsa anthu. Malemu anazizindikira msanga. Sanadikire msonkhano wa banja. Anatseka ntchito, namuperekeza kwa ba Sista Pumulo, ndipo kuyambira pamenepo ankatero Lachinayi lililonse. Masiku ano Tiwo ali pasukulu. Sanachiriretu, koma ali panjira. Musaganize kuti ndikumuyalutsa mwanayu: ndinamufunsa, ndipo wandiuza yekha kuti ndimutchule dzina, watopa ndi kunong'onezana kwanu.

Malemu anayamba kumva mutu ndi kutentha thupi pa 2 Febuluwale chaka chino cha 2004. Pa 5 tinawatengera kuchipatala akubwebweta. Ndamva kuti pamaliro pano ena akuti misala inabwerera, ndi ya m'magazi, n'chifukwa chake Tiwo ayenera kukabisidwa kumudzi asanachititse banja manyazi. Madokotala anatiuza kuti anali malungo olowa m'bongo. Malungo amabwebwetetsa aliyense, ngakhale mkulu wa mpingo. Anatisiya pa 7 Febuluwale m'mawa, ali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu.

Malemu asiya mkazi, mayi Ketty, ndi mwana, Lushomo. Asiya ine mlongo wawo, amalume, azakhali, ndi mlongo wawo wamng'ono Tiwo. Mawa gawanani malaya, nsapato ndi makina owotcherera monga mwa mwambo, sindiyankhulapo. Koma Tiwo si malaya. Chikwama chimene munamuuza kuti alongedze ndamasula ndine, ndipo zovala zake zili kwanga. Kumudzi kulibe ba Sista Pumulo. Wofuna kumutenga mwanayu ayambe wadzaima pano, pamaso pa anthu onsewa ndi pamaso pa bokosi ili, anene kuti malemu analakwitsa.

Tikuthokoza amayi a chigwirizano amene mwaphika ndi kuimba, anyamata okumba manda, owotcherera anzawo amene mwabweretsa galimoto, ndi abusa. Ba Sista Pumulo, mwakhala kumbuyoko ngati mlendo, koma munatibwezera mlongo wathu zaka zisanu ndi zitatu zimene tikanazitaya. Zikomo.

Ba Moven, mlongo wanga, mtima ukundiwawa, koma manyazi ndilibe. Gonani mumtendere. Lachinayi likubwerali Tiwo ndimuperekeza ine.