Bambo Thybo Sanadzuke Lipenga Litalira

Malemu Bambo Asger Thybo, achimwene anga, anabadwa pa 9 Marichi 1961 konkuno ku Holstebro. Anali chisamba m'banja la ana atatu, ndipo ine Solvej, amene ndikuwerenga mbiriyi, ndine mzime.

Sukulu anamaliza mu 1977. Za m'kalasi sizinkawayanja kwenikweni, koma chitsulo chinkawamvera m'manja. Mu 1980 analembedwa ntchito pa fakitale ina yopanga mawindo, pomwe anaima pa makina amodzi zaka zoposa makumi anayi, akudula ngodya za mafelemu. Mu 1986 anamanga banja ndi Mayi Birthe m'tchalitchi chomwe chino, ndipo Mulungu anawapatsa mwana mmodzi, Ragna.

Mu 1998 malemu anapita kukaonerera gulu la anthu otsanzira moyo wa zaka mazana asanu ndi limodzi zapitazo. Anthuwa amasoka okha zovala zaubweya, amagona m'matenti, ndipo amachita nkhondo yongoyerekeza ndi malupanga obuntha. Pobwerera kunyumba n'kuti atalembetsa kale. Ambiri tinawaseka. Alamu anga, Mayi Birthe, ankati, "Munthu wamkulu ngati inu, ndevu pepeya, kukagubuduzika m'matope?" Iwo ankayankha kuti, "Amayi, moyo wanga wonse ndadula ngodya, windo lathunthu sindinalipangepo. Uko ndimayamba chinthu n'kuchimaliza ndekha. Komanso ndikajomba, anthu amafunsa kuti ndili kuti." Malaya awo ankhondo analuka okha ndi timphete tachitsulo, kamodzikamodzi, kwa zaka ziwiri. M'gululo ankatchedwa Ketil Wosula.

Gululi lili ndi lamulo lake. Munthu akakhudzidwa ndi lupanga amagwa, n'kugona osagwedezeka mpaka lipenga la nyanga litalira. Malemu anatchuka ndi kagwedwe kawo. Anzawo ankawanyogodola kuti, "Ketil, kumenya nkhondo sutha, koma kufa ndiye ndiwe dolo!" Mawu amenewa ankabwera nawo kunyumba monyadira.

Mu Novembala 2022 dokotala anawapeza ndi nthenda ya mtima, ndipo anawaletsa kuvalanso malaya olemera aja. Odwala m'gululi amapatsidwa ntchito yolonda matenti, ndipo malemu sanafune zimenezo. Anatipempha atatu, alamu anga, Ragna ndi ine, kuti tisauze munthu. Tinavomera.

Loweruka pa 13 Julayi 2024, nkhondo ili mkati, mnzawo wapamtima, Bambo Troels Vium, anawakhudza ndi lupanga paphewa monga anapanganira. Malemu anagwa chafufumimba, oonerera n'kuwomba m'manja. Anagona pamenepo mphindi khumi ndi zinayi anzawo akuwalumpha. Wina anachita kuwerama n'kuwanong'oneza kuti, "Lero ndiye wawonjeza, mdala." Lipenga litalira, onse ogwa anadzuka n'kumasansa udzu m'zovala. Achimwene anga sanadzuke. Pamene ambulansi inkafika n'kuti atatisiya. Anali ndi zaka 63.

Abale ndi alongo, pali nkhani imene sindingathe kuilumpha. Chifukwa cha mkwiyo wa tsiku lija, tinalembera gululo kalata yoti asabwere kumaliro kuno. Inenso ndinasayina. Koma abwera ndithu. Aima kunja kwa mpanda mvula ikuwanyowetsa, atavala majekete akuda, moti ena sindinawazindikire. Bambo Troels akhala akuuza aliyense kuti anapha mnzawo ndi iwo, ndipo akazi awo atiuza kuti chakudya sichikulowa. Masiku onsewa ife takhala chete, chonsecho tikudziwa kuti chinsinsi chinali m'nyumba mwathu. Anthu aja anaona mnzawo akuchita zimene ankazichita bwino kuposa onse. Sakanadziwa. Odziwa tinali ife, ndipo sitinanene.

Malemu asiya Mayi Birthe, mwana wawo Ragna, zidzukulu ziwiri, Aksel ndi Tove, mng'ono wawo Bambo Ejvind, ndi ine mlongo wawo. Tikuthokoza abusa athu, achipatala amene anayesetsa pabwalo paja, anzawo a ku fakitale, ndi amayi amene atikonzera khofi ndi buledi muholo.

Ragna mtima wake sunatsikebe, ndipo wandipempha kuti ndinene zimenezi poyera. Sitimukakamiza. Koma bokosili lili ndi zogwirira zisanu ndi chimodzi, ndipo alamu anga alamula m'mawa uno kuti chakumutu kudzanja lamanja wina aliyense asachigwire kupatula Bambo Troels. Achimwene a Ejvind, tsegulani chitseko, mukawaitane Bambo Troels ndi anzawo onse. Akakana, mukawauze kuti sitinyamuka muno iwo asanalowe.

Mzimu wa achimwene anga, Bambo Asger Thybo, uuse mumtendere.