Mbiri ya Bambo Reino Saarela, Amene Ng'anjo Yawo Inazima

Abusa, abale, ndi nonse amene mwabwera kudzalira nafe:

Malemu Bambo Reino Saarela anali munthu waphindu kuposa ambiri a ife amene tinavala mikanjo ya ku yunivesite, ndiponso anali amakani kuposa aliyense amene wakhala m'tchalitchi muno. Ine mlongo wawo, Aili Saarela, ndinaphunzitsa zaka makumi atatu ndi zinayi osapatsa mwana malikisi amene sanawagwirire ntchito. Sindiyamba lero.

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1946 kuno ku Calumet, m'banja la Bambo Arvid ndi Mayi Hilja Saarela. Sukulu anailekeza mu 1962, bambo athu atavulala mumgodi wa mkuwa, kuti ine ndipitirize. Analowa ntchito m'sitolo yokonza mawailesi ndi mafiriji. Pa 21 Juni 1969 anamanga banja ndi Mayi Marlys Koskela, amene anatsogola mu 2017, ndipo mu 1974 anatsegula sitolo yawoyawo.

Kagwiridwe kawo ka ntchito mukukadziwa. Asanamasule chilichonse ankayamba aika khutu pa makinawo, kenaka n'kufunsa mwini wake chimene anagwira komaliza. Ankanena kuti theka la makina owonongeka ndi waya wozuka pakhoma, theka linalo ndi mwini wake wonama. Akamaliza ankamata kapepala kuseri, n'kulembapo tsiku ndi chimene chinavuta. Mukabwerera kwanu mukasunthe firiji, mukapeza zolemba zawo. Makompyuta anawaphunzira ali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu, ndipo makompyuta a ku laibulale ndi a tchalitchi chino akhala akuyenda chifukwa cha iwo. Ambiri munadzudzulidwapo pa lamya: "Zimitsani, muwerenge mpaka khumi, muyatsenso. Zikakanika ndiye muziyimba, osati kundidzutsa pampando chifukwa cha ulesi wanu."

Mu 2021 maso awo anayamba kufooka. Ana awo, a Curtis ndi a Denise, anapangana nawo chinthu chimodzi, ine ndili pomwepo, ndipo ndinavomereza. Tinati apitirize kukhala okha m'nyumba imene anamanga ndi Mayi Marlys, koma tsiku limene chinthu cha m'nyumbamo chidzawakanike, adzasamukire kunyumba ya okalamba ku Marquette. Tinkayesa tapangana mwanzeru. Chimene tinachita kunali kuwaphunzitsa kuti asadzaitanenso munthu.

Pa 13 Januwale chaka chino, chipale chofewa chitagwa masiku awiri osakata, ng'anjo yotenthetsa nyumba yawo inazima. Ng'anjo za masiku ano zili ndi kakompyuta m'kati. Zikazima, kagetsi kofiira kamaphethira, munthu n'kuwerenga kuti kaphethira kangati, n'kuyang'ana tanthauzo lake papepala lomatidwa pachitseko cha ng'anjoyo. Malemu sankathanso kuona kagetsiko, ngakhale zilembozo. Choncho anatsikira m'chipinda cha pansi n'kuyamba kuimasula ng'anjoyo chidutswa ndi chidutswa, akufufuza ndi zala. Anatero masiku anayi, atavala chijasi, m'nyumba imene madzi anaundana m'kapu. A Denise atawaimbira, anawayankha kuti, "Kuno n'kotentha, mwanawe, ndavula ndi juzi yomwe."

Vuto silinali m'kati mwa ng'anjoyo n'komwe. Chipale chinatseka paipi yotulutsa mpweya kuseri kwa nyumba. Inali ntchito ya fosholo, ya mphindi zisanu.

Pa 17 Januwale wonyamula makalata anawaona pawindo atagwa m'khitchini. Anagonekedwa m'chipatala ndi chibayo, ndipo anamwalira pa 26 Januwale ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zitatu. Asiya ana awiri, zidzukulu zisanu, ndi ine.

Banja likuthokoza anamwino amene anapirira kulongosoleredwa mmene makina awo omwe amagwirira ntchito, amayi a tchalitchi amene aphika chakudya cha lero, ndi amuna amene achotsa chipale panjira kuti tilowe.

Tikuthokoza mwapadera Bambo Duane Pelletier, oyandikana nawo nyumba, amene akhala kumbuyoko atazyolika. Akhala akudziimba mlandu, ndipo ndikufuna aleke. Anandifotokozera zonse, ndipo ndikuzinena pano kuti mlanduwo upite kwa eni ake, amene ndife. Pa 15 Januwale masana, ataona mawindo a malemu atayera ndi chisanu cham'kati, anapita kukagogoda atanyamula kachitofu kamagetsi kotenthetsa m'chipinda ndi bokosi la zipangizo. Malemu anatsegula chitseko pang'ono chabe.

"Achikulire, mwaganiza zosandutsa nyumba yonse firiji kodi?" anatero Bambo Pelletier. "Tsegulani ndione."

"Iwe Duane, makina ako ochapira anakonza ndani? Nanga a amayi ako?"

"Ndinu nomwe. N'chifukwa chake ndabwera. Ndingokuwerengerani kagetsiko basi, manja akhala anu. Sindiuza munthu."

"Iwe suuza munthu, koma mkazi wako amaimba kwaya ndi Aili. Pofika Lamlungu, Denise akhala atandilongedzera masutikesi."

"Landirani kachitofuka kokha, achikulire. Ndikupempha."

Malemu anakayang'ana kachitofuko nthawi yaitali.

"Bwerera nako, mphwanga. M'nyumba muno simunalowepo wokonza wina. Ndatsala pang'ono kulipeza vutoli."

Ndipo anatseka chitseko.

Ause mumtendere, pamalo potentha.