Zaka Zisanu ndi Chimodzi Zimene a Nakhumwa Anabisa

Mafumu, abusa, ndi nonse mwabwera kudzatikhuza, ndine Prince, mdzukulu wa malemu. Ambiri mumandidziwira nthabwala za pa foni. Lero sindipusitsa munthu.

Malemu agogo athu, a Samueli Nakhumwa, anabadwira kwa Milonde mwezi wa Febuluwale. Chaka ndiye chativuta. Chitupa chawo chikuti 1955, ndipo amalume a Harold andiuza m'mawa muno kuti, "Iwe, ukawerenge za pachitupa basi, usatichititse manyazi." Koma achemwali a malemu, agogo a Sabina, ali apawa, anandikoka khutu dzulo: "Ukakanama pamaliro a mlongo wanga, ndikakukwapula anthu akuona." Amalume, pepani. Ndodo ali nayo ndi iwowa.

Malemu anabadwa mu 1949, chaka cha njala yaikulu. M'mudzi mwawo munabadwa ana asanu ndi awiri chaka chimenecho. Njala ikutha, anatsala okha. Bambo awo anapita ku Mozambiki kukasuma chinangwa, osabwererako. A Sabina, ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndi amene ankawabereka amayi akapita kokathyola tiyi.

Sukulu anayamba mu 1958, n'kulekezera Sitandade 4. Mu 1966 analowa ntchito ku esiteti, dengu kumsana, ndipo mu 1980 anakhala kapitawo. Mu 1973 anamanga banja ndi mayi Angella, amene anatsogola mu 2019.

Tsono mu 2008 amayi anga anamwalira, n'kutisiya ana atatu m'manja mwa agogo. Kunali kutatsala chaka chimodzi kuti apume pantchito, ndipo wopuma amatuluka m'nyumba ya kampani. Tikanapita kuti? Agogo anameta ndevu, anavala jekete, n'kukauza kalaliki watsopano kuti wakale uja analemba chaka chawo chobadwa molakwika. Kalaliki anawayang'ana kumutu. Iwo, osaphethira: "Imvizi n'zakumtundu, bwana."

Anakwerabe mapiri a tiyi mpaka 2015, mawondo ali otupa, anyamata akuwaseka kuti akalamba msanga. Chaka chimenecho ine, chitsiriza, ndinalemba mayeso a Folomu 4.

Anayamba kudandaula mtima mu 2023. Atisiya Lachiwiri pa 9 Sepitembala 2025, ali ndi zaka 76, osati 70.

Asiya ana anayi, zidzukulu khumi ndi zitatu, ndi achemwali awo a ndodo aja. Tikuthokoza a mpingo, adzukulu okumba manda, amayi a kwaya, ndi anzawo a ku esiteti amene munkadziwa zonsezi koma osatsegula pakamwa zaka zonsezi. Tikabwerako kumanda, mutiuze mmene inu munazionera.

A Pilato, inu olemba pamtanda, lembani 1949. Zaka zimenezi anazibisa chifukwa cha ife. Asapite nazo zoperewera.

Kupuma kumene anakukana kuja, apume tsopano. Mzimu wawo uuse mumtendere.